Liwiro Lopanda Kalata

Mu Julayi 2022, Mo Farah, katswiri wa liwiro la mtunda wautali wa ku Britain, anauza dziko lonse kudzera pa kanema wa BBC kuti dzina limene anapambanira nalo mipikisano yake yonse silinali lake. Makolo ake anamutcha Hussein Abdi Kahin. Anabadwira ku Somaliland, bambo ake anaphedwa pa nkhondo yapachiweniweni iye ali ndi zaka 4, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 9 mayi wina wachilendo anamutenga ku Djibouti n'kukalowa naye mu London pogwiritsa ntchito zikalata za mwana wina. Kumeneko ankagwira ntchito zapakhomo ndi kulera ana a eni nyumba, ndipo anayamba sukulu mochedwa. Ambiri amene anamva nkhaniyi anagwidwa chisoni ndi ukapolo wa mwanayo, ndipo n'zomveka. Koma ine chimene chinandikhala pamtima ndi kanthu kena kamene anthu anangokadumpha. Ali ndi zaka 14, mnyamatayu anasankhidwa kuti akathamange ku Latvia, ndiye kunapezeka kuti alibe chikalata chotulukira m'dziko.

Pamenepo liwiro lake likanathera pomwepo. Silinathe chifukwa cha munthu mmodzi, Alan Watkinson, mphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi pasukulu ya Feltham, kuzambwe kwa London. Mphunzitsiyu ndiye anaona kuti mwana wosadziwa bwino Chingeleziyu akafika pabwalo amamva zonse. Ndiye amene mwanayo anamuululira za moyo wake, ndipo iye anakauza a zachisamaliro cha ana mpaka mwanayo anasamutsidwira ku banja lina la Chisomali. Ndiyenso anathamanga ndi mapepala mpaka Farah anapatsidwa unzika wa Britain mu Julayi 2000. Zotsatira zake zili m'mabuku. Mu 1996 anakhala wachisanu ndi chinayi pampikisano wa sukulu za ku England wothamanga modutsa m'madambo ndi m'zitunda, umene eni ake amautcha cross country, ndipo chaka chotsatira anapambana. Mu 2001 anatenga golide wa achinyamata a ku Ulaya pa mamita 5,000. Mu Disembala 2006 anakhala katswiri wa cross country wa Ulaya yense ku Italy. Ku Beijing mu 2008 anagwa m'ndime yoyamba, koma ku London mu 2012 ndi ku Rio de Janeiro mu 2016 anatenga golide pa mamita 5,000 ndi 10,000 pomwe. Sindikuiwala kuti mphunzitsi wake wa ku America, Alberto Salazar, analetsedwa ntchito mu 2019 pa milandu ya mankhwala oletsedwa. Farah anali atasiyana naye mu 2017 ndipo iye mwini sanapezekepo ndi mankhwalawo. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Ndikulemba za mnyamata wa ku London chifukwa ndinabadwira m'komboni ya papulazi ya fodya ku Darwendale, makilomita pafupifupi 60 kuzambwe kwa Harare, m'boma la Zvimba. Mawu akuti pulazi sali m'Chichewa cha ku Lilongwe, kumene amati esiteti kapena famu, koma ife ndi amene tinakula nawo, ndipo ndiwasunga. Derali lili m'mbali mwa mapiri a Great Dyke kumene amakumba miyala ya kolomu, njanji yochokera ku Harare kupita ku Chinhoyi imadutsa pomwepo, ndipo mtsinje wa Manyame anautseka mu 1976 n'kupanga nyanja yaikulu. Bambo anga anachokera ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, pamene Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anamangidwa mtolo umodzi. Iwo anabwera pa galimoto. Koma m'komboni mwathu munali nkhalamba zimene zinabwera wapansi kalekale, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi pabwato, n'kudzatulukira ku Mtoko patapita masabata. Ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena pa malole aulere amene dzina lawo linangokhala Ulere. Tinali ana ndi adzukulu a anthu amene miyendo yawo inadziwa mtunda kuposa wothamanga aliyense wa pa kanema, koma panalibe amene ankauona ngati luso. Unali umphawi chabe.

Pano ndiloleni ndivale chipewa cha ntchito yanga pang'ono. Chichewa chili ndi mneni kuthamanga ndi mneni kuthawa, ndiponso dzina lakuti liwiro. Mawu onsewa ndi akale ndipo ndi olemera. Timati munthu wautsa liwiro, waliyatsa liwiro, wathawa liwiro la mtondo wadooka. Chimene chiyankhulo chathu chinalibe ndi dzina la munthu amene ntchito yake ndi kuthamanga, monga tili ndi mlenje, msodzi kapena m'misiri. Mawu akuti wothamanga ndi mfotokozi amene tangomukakamiza kukhala dzina. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Kwathu munthu wamkulu sathamanga popanda chifukwa. Mukaona bambo wandevu akudutsa pabwalo ali phamphampha, funso limakhala limodzi: kwagwanji? Mwina kwabuka moto, mwina kwagwa maliro, mwina akuthawa ngongole. Kuthamanga kopanda chokuthamangitsa kunali kwa ana ndi agalu.

M'komboni zinthu zinkasokonekeranso mokoma. Anzathu a Chishona amati kumhanya, ndipo ife ana a Achewa, amene lilime lathu silinazolowere mpweya wotsatira m uja, tinkangoti kumanya. Madoda ochokera ku Mzimba ndi ku Rumphi ankaseka akatimva, pakuti m'Chitumbuka kumanya ndi kudziwa. Mwana akanena kuti amamanya kwambiri, iwo ankamufunsa kuti nanga bwanji sakhoza masamu.

Masewero a cross country anabadwira m'malo osiyana kotheratu ndi amenewa. Anayambira m'sukulu za ana a anthu olemera ku England m'zaka za m'ma 1800, kumene anyamata ankasewera motsanzira ulenje: ena ankakhala akalulu n'kumamwaza timapepala m'njira, ena agalu owalondola. Mpikisano woyamba wa dziko lonse la England unachitika mu 1876, wa pakati pa mayiko mu 1903, ndipo wa dziko lonse lapansi monga tiudziwira lero unayamba mu 1973. Kunena mosapsatira, anali masewero a anthu amene anali ndi ufulu wodumpha mipanda ya minda. Ife ku Darwendale tinkadumphanso mipanda tsiku ndi tsiku, koma mwana wa m'komboni akapezeka m'munda wa pulazi ina, dzina la zimene wachitazo linali mlandu.

Komabe tinkathamanga. Sukulu yathu inali makilomita 8 kuchokera kukomboni, ndipo m'nyengo yothyola fodya mwana sankanyamuka asanathandize akuluakulu kunyamula masamba kupita nawo kumabani. Chitsulo cha kusukulu sichinkadikira munthu, ndipo wochedwa ankakumana ndi chikoti. Choncho m'mawa uliwonse kagulu ka ana 10 kapena 12 kankatsika m'dambo, kuwoloka kamtsinje, kukwera chitunda cha miyala yofiirira, mapazi ali osavala, mimba ili ndi chikute cha dzulo. Aliyense ankadziwa malo ake pamzerewo. Patsogolo nthawi zonse pankakhala msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume.

Sindidzatchula dzina lake, chifukwa akali moyo ndipo sanandipemphe kuti ndimulembe. Anali wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, wochepa thupi, wosayankhulayankhula, kupatula kwa ine amene mwachisuweni ankanditcha mwamuna wake waulesi. Chimene ndikukumbukira bwino ndi kapumidwe kake. Tonse tikafika pamwamba pa chitunda tinkagwira m'mawondo, wefuwefu, koma iye ankaima chilili n'kumatiwerenga ngati mbuzi. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, sukulu za m'mapulazi, zimene kale zinkangodalira mtima wa mwini pulazi, zinayamba kulandira aphunzitsi ophunzira bwino, ndipo mmodzi mwa iwo anayambitsa mipikisano ya liwiro. Msuweni wanga anapambana pasukulu pathu, atsikana ndi anyamata omwe. Anakapambananso pampikisano wa sukulu zoyandikana, atavala diresi la yunifolomu limene analipinda m'chiuno ndi luzi. Tinamunyamula pamapewa kuchokera panjanji mpaka kukomboni, ndipo amalume, amene sankamwetulira wamba, anapha nkhuku.

Pampikisano wa boma lonse sanathamange. Anafika, anavula juzi, anaima pamzere. Kenaka bambo wina wonyamula kaundula anayamba kuitana mayina n'kumafunsa mwana aliyense kalata yake ya kubadwa. Lamulolo silinali lankhanza mwa lokha. Mipikisano ya ana imayendera zaka, ndipo sukulu zina zinkabweretsa anyamata ometa ndevu n'kumati ali ndi zaka 12. Koma msuweni wanga anabadwira m'nyumba ya udzu, m'manja mwa azamba a m'komboni, ndipo panalibe amene analemba tsikulo. Amalume anali ndi chitupa chakale cha mlendo wogwira ntchito. Akazi awo anachokera ku Angonia, m'chigawo cha Tete, ndipo analibe pepala lililonse la dziko lililonse. Ofesi yolembetsa ana inkafuna chitupa cha mayi. Mphunzitsi wathu anachonderera, anapereka kaundula wa sukulu, anauza bambo uja kuti angomuyang'ana mwanayo m'maso. Bamboyo anayankha mwaulemu kuti iye sanapange lamulo. Msuweni wanga anaonerera mpikisanowo atakhala pansi pa mtengo, ndipo mtsikana amene anapambana anali yemwe iye anamusiya kutali masabata awiri m'mbuyomo.

Madzulo ake ndinayesa kumuseka monga mwa chisuweni. Anangoti, “Asuweni, lero ayi.”

Kalata yomweyo inkafunikanso polemba mayeso a Giredi 7. Chaka chotsatira iye analowa m'shedi yosankhira fodya, ndipo asanakwanitse zaka 18 anakwatiwa. Ine ndinapitirira chifukwa bambo anga anali kalaliki wa papulazi, wolemba matikiti ndi kugawa phoso, ndipo ankadziwa mphamvu ya pepala. Anatilembetsa tonse tili makanda. Nzeru zanga sizinkaposa za msuweni wanga. Zimenezi ndikuzinena monga mphunzitsi amene wakhala akuyesa nzeru za ana a eni kwa zaka zoposa 20. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ife tinayambira limodzi ndithu, pakhomo limodzi, m'mawa umodzimodzi, koma mmodzi anali ndi pepala m'thumba.

Pali funso limene ndakhala ndikulisinkhasinkha. N'chifukwa chiyani makomboni a m'mapulazi a Mashonaland anatulutsa oimba ndi osema miyala otchuka, koma othamanga ake sitiwamva? Alick Macheso, mfumu ya nyimbo za sungura, anabadwa mu 1968 m'mapulazi a ku Shamva kwa bambo wochokera ku Malawi. Mudzi wa osema wa Tengenenge, ku Guruve, unayamba mu 1966 papulazi ya fodya ya Tom Blomefield, ndipo ambiri mwa osema ake oyamba anali antchito ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Gule wamkulu, amene anansi athu amamutcha zvigure, anakhazikika m'makomboni popanda thandizo la boma lililonse. Yankho langa ndi lakuti gitala safunsa zaka za munthu, ndipo mwala sufuna chidindo. Luso limene munthu angalikulitse yekha kuseri kwa nyumba linakula. Koma liwiro la mpikisano ndi makwerero: sukulu, boma, chigawo, dziko, kenaka kunja. Pa sitepe iliyonse pamakhala munthu wonyamula kaundula, ndipo pamwamba penipeni pamafunika pasipoti, chifukwa wothamanga amathamangira mbendera.

Tikayerekeza ndi migodi, mfundoyi imaoneka bwino. Makampani a migodi mu Rhodesia ankamanga mabwalo, ankalemba aphunzitsi a masewero, ndipo chaka ndi chaka ankachititsa mpikisano wa bungwe lawo la Chamber of Mines. Sankachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Ankafuna antchito omvera ndi otanganidwa. Komabe makwerero analipo. Artwell Mandaza, amene mu 1970 anathamanga mamita 100 mwa liwiro limene linadabwitsa dziko, anali wa pamgodi wa Mangula, umene lero timati Mhangura, m'chigawo chathu chomwechi cha Mashonaland West. Zephaniah Ncube, amene anaimira Zimbabwe pa Olimpiki ya 1980 ndi 1984, anachokera kumgodi wa malasha wa Hwange. Papulazi panalibe zotere. Mwini pulazi ndiye anali boma, khoti ndi unduna wa maphunziro, zimene Blair Rutherford anazifotokoza bwino m'buku lake la 2001 lonena za antchito a m'mapulazi a ku Hurungwe. Akakonda mpira, pankakhala timu ya mpira. Akapanda kukonda, pankakhala bala la mowa basi.

Ngakhale kumene kuli akatswiri ochuluka, nkhani ndi yomweyi. Anthu amakonda kunena kuti Akenya amathamanga chifukwa cha mapiri ndi chibadwa, ndipo n'zoona kuti amuna a dzikolo anapambana monga timu pampikisano wa cross country wa dziko lonse zaka 18 zotsatizana, kuyambira 1986 mpaka 2003. Koma kumbuyo kwake kuli sukulu monga St Patrick's ya ku Iten, kumene Colm O'Connell wa ku Ireland anafika mu 1976, ndiponso asilikali ndi apolisi amene amalemba ntchito othamanga. Ku Malawi, Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mamita 5,000 pampikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004. Nditamva nkhaniyo ndinakondwa ngati ndi mwana wa kwathu, koma ndinaganizanso kuti kuti akaime pamzere umenewo panafunika munthu wotsimikiza chaka chimene anabadwa ndi dziko limene ndi lake.

Mbiri ya Zimbabwe ili ndi chitsanzo china chowawa. Mathias Kanda anathamanga marathoni pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 1964. Anakonzekeranso ya ku Mexico mu 1968, koma Rhodesia ya Ian Smith inali itadzilengeza yokha kuti ndi dziko mu 1965, mayiko anakana kuzindikira mapasipoti ake, ndipo timu yonse inatsala. Munthu wakuda analangidwa chifukwa cha boma limene linkamupondereza. Apanso miyendo inali yokonzeka.

Kwa ana a m'makomboni, zinthu zinafika poipa kwambiri patapita zaka 20 chilandirire ufulu. Mu 2000 kulanda mapulazi kunayamba. Sindili m'gulu la amene amalira ulamuliro wa eni mapulazi akale. Ndinakulira pansi pake ndipo ndikudziwa kulemera kwa dzanja lawo. Nthaka inayenera kugawidwa. Koma pogawapo antchito ambiri sanawerengedwe, makamaka amene ankatchedwa mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti ambiri a iwo Blantyre sanamuonepo. Ntchito zinatha, ndipo sukulu ndi zipatala zambiri za m'mapulazi zinagwa pamodzi ndi mapulaziwo. Kenaka mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kukana unzika umenewo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Taganizani za mayi wa m'shedi ya fodya, wosadziwa kulemba, akuuzidwa kuti apite ku Harare akakane unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo. Anthu obadwira ku Darwendale, amene makolo awo anaikidwa m'manda a papulazi, anapezeka kuti zitupa zawo zalembedwa kuti ndi alendo. Ena, monga msuweni wanga, analibe n'chitupa cholembapo mawuwo.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zina. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Ndi mawu abwino. Koma kuti munthu apindule nawo ayenera kutsimikiza kuti anabadwiradi m'dzikomo, ndipo umboni wake ndi kalata yomwe ija. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti anthu pafupifupi 300,000 mu Zimbabwe anali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ambiri a iwo adzukulu a antchito ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kusowa kalata n'kotengera ngati mtundu: mayi wopanda chitupa sangalembetse mwana, ndipo mwanayo akakula sangalembetse wake.

Pamene Farah anaulula zake, ofesi yoona za unzika ku Britain inalengeza msanga kuti sidzamuchita kanthu, popeza anali mwana pamene zinkachitika. Chinali chigamulo cholungama. Koma tisadzinamize: munthuyo anali ndi golide wa Olimpiki munayi ndi ulemu wa Sir umene analandira mu 2017. Dziko limene linamukhululukira ndi lomwelo limene m'zaka zapafupi ndi 2018 linkathamangitsa anthu okalamba ochokera ku Caribbean, a m'badwo wa Windrush, chifukwa chosowa mapepala. Farah anathamanga pa dzina la mwana wina ndipo linamufikitsa kutali. Ena mwa ife tinaona zofanana ndi zimenezi m'makomboni, kumene mwana ankalemba mayeso pa kalata ya mkulu wake womwalira kapena ya mwana wa mnansi, n'kukhala ndi dzina limenelo moyo wake wonse. Amalume anauzidwa nzeru imeneyi. Anakana, nati mwana wawo sadzayenda ndi dzina la wakufa.

Msuweni wanga akukhalabe kufupi ndi Darwendale, pakamunda kamene mwini watsopano anamulola kulima posinthana ndi ganyu. Chitupa anachipeza patapita zaka zingapo malamulo a 2013 atakhazikitsidwa, pamene alembi a boma ankayendera midzi, ndipo mboni zake zinali nkhalamba ziwiri za m'komboni yakale zimene zinalumbira kuti zinamuona ali khanda. Ndinachiona nditapita kumaliro a amalume. Mlembi analemba dzina la banja lathu m'kalembedwe ka Chishona, r m'malo mwa l, ndipo pa tsiku lobadwa anaika 1 Januwale, pamene tonse tikudziwa kuti anabadwa m'nyengo yokolola chimanga. Ndinamuuza kuti zimenezi zingathe kukonzedwa, ndipo ndinadzipereka kulemba kalata yodandaula. Anandilanda chitupacho, nachikulunga m'kapulasitiki, nachibwezera m'thumba la m'kati mwa chitenje.

“Asuweni, musachigwiregwire,” anatero. “Mdzukulu wanga walembetsa nacho sukulu.”